Nkhalango imameza mpweya wochuluka bwanji, nanga imalavula wochuluka bwanji? Mmene akatswiri amawerengera kaboni wa m'mitengo

Mu June 2023 thambo la mzinda wa New York linachita kufiira ngati tchire likupsa kuseri kwa nyumba, anthu n'kumayenda ataphimba kukamwa ndi mphuno masanasana. Utsiwo unachokera kutali, ku nkhalango za ku Canada. Pomatha chakacho moto unali utanyambita mahekitala pafupifupi 15 miliyoni, malo aakulu kuposa dziko lonse la Malawi pamodzi ndi nyanja yake. Ofufuza a bungwe la NASA ndi anzawo atawerengera, anapeza kuti motowo unatulutsa matani a kaboni pafupifupi 647 miliyoni. Mayiko atatu okha, China, America ndi India, ndiwo amatulutsa woposa pamenepa pa chaka kuchokera ku mafuta ndi malasha.

Chaka chotsatira, mu October 2024, boma la Germany linalengeza zotsatira za kalembera wa nkhalango zake, ndipo zinadzidzimutsa ambiri: kuyambira 2017 nkhalangozo zinali zitataya kaboni wochuluka kuposa yemwe zinasunga. Ku Finland nako, dziko lomwe magawo atatu mwa anayi a nthaka yake ndi mitengo yokhayokha, akatswiri anali atanena kale kuti mu 2021 nkhalango, minda ndi madambo, zonse kuziphatikiza pamodzi, zinatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wochuluka kuposa womwe zinameza.

Munthu amene anaphunzira kusukulu kuti mitengo imayeretsa mpweya akhoza kudabwa ndithu. Kodi mitengo yasiya ntchito yake? Nanga manambala amenewa amawapeza bwanji, poti palibe sikelo yomwe ungaikepo nkhalango?

Kaboni ndi chiyani, ndipo amakhala pati?

Mukawotcha nkhuni mophimbira, monga amachitira owotcha makala, chakuda chomwe chimatsala chija mbali yake yaikulu ndi kaboni. Mtengo umamutenga mumlengalenga. Masamba amakoka mpweya wotchedwa kaboni dayokisaidi, ndipo mothandizidwa ndi dzuwa ndi madzi amausandutsa chakudya, chomwe chimamanga thunthu, nthambi, khungwa ndi mizu. Mtengo ukaumitsidwa madzi onse n'kuchoka, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi kaboni. Gulu la akatswiri a zanyengo lomwe linakhazikitsidwa ndi United Nations, lotchedwa IPCC, limagwiritsa ntchito magawo 47 pa 100 alionse ngati palibe muyeso wina wabwinopo.

Pali nambala ina yomwe imasokoneza anthu powerenga nkhani zoterezi. Tani imodzi ya kaboni ndi yofanana ndi matani 3.67 a kaboni dayokisaidi, chifukwa kaboni akatuluka mumtengo amagwirana ndi okosijeni ndipo amalemera. Tiyerekeze mtengo wa paini womwe utauma ukulemera makilogalamu 400. Kaboni wake ndi makilogalamu 188, koma ukapsa wonse mpweya wopita kumwamba ndi makilogalamu pafupifupi 690. Choncho mukamva nambala, yambani mwafunsa: akunena kaboni kapena mpweya wake?

Kaboni wa m'nkhalango sakhala m'mitengo yoimirira yokha. Akatswiri amamugawa malo asanu: mitengo yamoyo kuchokera pansi kufika kunsonga, mizu, mitengo yakufa ndi zitsa, masamba ndi tinthambi toyoyoka, ndiponso nthaka yeniyeniyo. M'nkhalango zomwe anthu amadulamo mitengo pali malo achisanu ndi chimodzi omwe ali kunja kwa nkhalango: matabwa, mapepala, mipando ndi madenga a nyumba.

Nkhokwe yodzaza si nkhokwe yomwe ikudzaza

Pano ndi pomwe pagona nkhani yonse. Ganizirani nkhokwe ya chimanga. Funso loyamba ndi lakuti muli chimanga chochuluka bwanji. Funso lachiwiri ndi lakuti chaka chino cholowa ndi chotuluka, chachuluka n'chiti. Banja likhoza kukhala ndi nkhokwe yaikulu m'mudzi monse, koma ngati likudya, kugulitsa ndi kudyeredwa ndi anankafumbwe mopitirira zomwe lakolola, nkhokweyo ikutsika. Banja lina lili ndi kankhokwe kakang'ono koma kakukwera chaka ndi chaka.

Nkhalango ilinso chimodzimodzi. Cholowa ndi chomwe masamba akoka. Zotuluka ndi zambiri. Mtengo nawo umapuma usana ndi usiku, ndipo pafupifupi theka la kaboni yemwe wakoka umamubweza wokha. Masamba ogwa ndi mizu yakufa zikamawola, bowa ndi tizilombo ta m'nthaka timatulutsa wina. Moto umatulutsa wochuluka m'masiku ochepa. Odula mitengo amanyamula wina pa galimoto. Chotsala mukachotsera zonsezi ndicho chimauza ngati nkhalango ikumeza kapena ikulavula. Nkhalango za ku Germany sizinathe, mitengo ikadalipo mabiliyoni. Koma chilala chomwe chinayamba mu 2018, mphepo zamkuntho ndi tizilombo toboola khungwa zinapha mitengo yambiri, moti chotuluka chinaposa cholowa.

Zaka za mitengo nazo zili ndi mbali yaikulu. Malo omwe angodulidwa kumene amalavula kwa zaka zingapo, chifukwa zitsa, mizu ndi nthambi zotsala zikuwola pamene mbande zikadali zazing'ono. Mitengo ikafika pa msinkhu wa unyamata imameza mwamphamvu. Ikakalamba imakhala itasunga wochuluka kwambiri, koma chowonjezera cha pa chaka chimachepa poti ina ikufa pamene ina ikukula. Dziko lomwe linadzala mitengo yambiri nthawi imodzi limaona kumeza kwakukulu kwa zaka makumi angapo, kenako kumayamba kuzilala popanda wina kulakwitsa kanthu.

Zonse zimayamba ndi munthu wonyamula tepi

Kompyuta isanachite chilichonse, pamafunika munthu wolowa m'tchire. Amapita pa malo omwe anasankhidwa kale pa mapu, amazunguliza kadera kakang'ono, n'kuyamba kuyeza mtengo uliwonse womwe uli mkati. Tepi amaikulunga pa thunthu pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, cha pachifuwa pa munthu wamkulu, kuti aliyense woyeza, kulikonse, ayeze pamalo amodzimodzi. Amalemba mtundu wa mtengo, kutalika kwake, ngati uli moyo kapena wauma. Chipika chogona pansi nacho amachiyeza, ndipo amachibaya kuti aone kuwola kwake kwafika pati. Finland inayamba kalembera wotereyu wa dziko lonse mu 1921 ndipo sinasiye. N'chifukwa chake akatswiri a kumeneko anatha kuzindikira kuti mitengo yawo yayamba kukula pang'onopang'ono kusiyana ndi kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kukula kwa thunthu pakokha sikunena kulemera kwa mtengo. Kuti apeze mgwirizano wa ziwirizi, ofufuza amagwetsa mitengo ingapo yamisinkhu yosiyanasiyana, amaiduladula, amayeza pa sikelo thunthu palokha, nthambi pazokha, masamba paokha, ndipo nthawi zina amakumba ndi mizu yomwe. Zidutswa zina amaziumitsa mu uvuni kuti adziwe madzi anali ochuluka bwanji. Pamapeto amapanga samu yomwe ukaipatsa kukula kwa thunthu imakuuza kulemera kwa mtengo wonse. Ndi ntchito ya thukuta, ndipo samu yopangidwa ndi mitengo ya ku Sweden singagwire bwino pa mtengo wa msuku kapena wa tsanya.

Pali zida zinanso zothandizira. M'nkhalango zina muli nsanja zazitali kuposa mitengo, zokhala ndi makina oyeza kamphepo kalikonse kokwera ndi kotsika, kangapo pa sekondi imodzi, pamodzi ndi mpweya womwe kanyamula. Nsanja yotereyi ku Hyytiälä, ku Finland, yakhala ikugwira ntchito kuyambira zaka za m'ma 1990. Kumwamba kuli masetilaiti. A Landsat akhala akujambula dziko kuyambira 1972 ndipo amaonetsa pomwe padulidwa ndi pomwe papsa. Chida chotchedwa GEDI chinatumizidwa mumlengalenga mu 2018 kuti chiziyeza kutalika kwa mitengo pogwiritsa ntchito kuwala, ndipo mu April 2025 mayiko a ku Ulaya anatumiza setilaiti yotchedwa Biomass, yomwe mafunde ake amadutsa masamba n'kukafika pa thunthu. Koma nsanja imaona dera laling'ono, ndipo setilaiti siona za pansi pa nthaka.

Modelo: buku la ndalama lomwe limadziyendetsa lokha

Apa ndi pomwe pamalowera modelo. Mawuwa amatanthauza masamu ambiri olumikizana, oikidwa mu kompyuta, otsanzira mmene chinthu chenicheni chimayendera. Amene anakhalapo mu banki mkhonde akudziwa buku lomwe mlembi amasunga: uyu waponya zingati, uyu wabwereka zingati, m'bokosi mwatsala zingati, ndipo ndalama iliyonse yotuluka pa tsamba lina iyenera kuoneka kuti yalowa pena. Modelo ya kaboni imatsata lamulo lomwelo. Kaboni sasowa. Akachoka m'masamba ndiye kuti walowa m'zinyalala za pansi, akachoka pamenepo walowa m'nthaka kapena wapita kumwamba.

Imodzi mwa modelo zodziwika kwambiri ndi CBM-CFS3, yomwe inapangidwa ndi nthambi ya zankhalango ya boma la Canada motsogozedwa ndi katswiri Werner Kurz. Canada imaigwiritsa ntchito powerengera nkhalango zake zoyang'aniridwa, zomwe ndi mahekitala oposa 220 miliyoni, ndipo mayiko ena anaitengera.

Kagwiridwe kake n'kotere. Nkhalango yonse imagawidwa m'zigawo zikwizikwi molingana ndi mtundu wa mitengo, zaka zake ndi nyengo ya deralo. Chigawo chilichonse chili ndi tchati cha kakulidwe, chofanana ndi khadi ya kusikelo ya mwana, chosonyeza kuti mitengo yotereyi ikafika zaka 20, 50 kapena 100 imakhala ndi matabwa ochuluka bwanji pa hekitala. Kompyuta imawonjezera chaka chimodzi pa chigawo chilichonse, imakulitsa mitengo motsata tchaticho, imagwetsa masamba ndi nthambi, n'kuwoletsa zomwe zili pansi molingana ndi kutentha kwa dera. Kenako imalandira nkhani za chakacho: apa panapsa, apa anadula, apa tizilombo tinalowa. Chochitika chilichonse chili ndi malangizo ake ogawira kaboni. Moto umapsereza masamba, timitengo ndi zinyalala za pansi, koma mathunthu ambiri amatsala chilili, akufa, ndipo amadzawola pang'onopang'ono. Kudula kumachotsa mathunthu n'kusiya nthambi ndi zitsa. Ikamaliza imatseka buku la chakacho n'kuyamba china.

Palinso modelo za mtundu wina zomwe sizidalira matchati a kale. Zimatsanzira mmene tsamba limagwirira ntchito: dzuwa lawala bwanji, madzi alipo ochuluka bwanji m'nthaka, kwatentha motani. Zoyambazo n'zolimba pa zomwe zinayezedwa kale, koma zimatenga ngati mitengo ya mawa idzakula monga inakulira ya dzulo, chomwe si chotsimikizika nyengo ikamasintha. Zachiwirizi zimatha kuyerekeza za chilala chomwe sichinachitikepo, koma zimafuna manambala ambiri omwe ndi ovuta kupeza.

Nthaka, komwe kumavuta kwambiri

M'nkhalango za kumayiko ozizira, kaboni wa m'nthaka ndi m'zinyalala amaposa yemwe ali m'mitengo yoimirira, chifukwa kuzizira kumachedwetsa kuwola ndipo zinthu zakhala zikuunjikana kwa zaka zikwi. Vuto ndi lakuti kusintha kwa pa chaka n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi mulu wonsewo. Zili ngati kufuna kudziwa ngati wina watapa ndowa imodzi ya mchenga m'mphepete mwa mtsinje. Komanso dothi la pano ndi la mapazi khumi kutsogoloku limasiyana.

Choncho mayiko ambiri amadalira modelo. Ya ku Finland yotchedwa Yasso imagawa zinthu zakufa molingana ndi kufulumira kwa kuwola kwake, kuyambira zosungunuka m'miyezi yochepa mpaka dothi lakuda lija lomwe limakhala zaka mazana. Kuti adziwe liwirolo, ofufuza amaika masamba oyezedwa kale m'timatumba ta neti, n'kutisiya pansi m'nkhalango, ndipo amatenga kamodzikamodzi chaka ndi chaka kukayeza zomwe zatsala.

Nanga modelo imadziwa bwanji kaboni yemwe analipo m'nthaka tsiku loyamba? Ya ku Canada imachita chinthu chochititsa chidwi. Isanayambe kuwerengera zaka zenizeni, imakulitsa nkhalango yongoyerekeza, n'kuiwotcha, n'kuikulitsanso, mobwerezabwereza ngati kuti padutsa zaka zikwi, kufikira kaboni wa m'nthaka atakhazikika. Poyambira pamenepa pakalakwika, zotsatira za zaka zambiri zimapendekeka. Ku Finland, china chomwe chinasintha chithunzi chonse chinali kuwerengera kwatsopano kwa madambo omwe anakumbidwa ngalande kalekale kuti mitengo ikule. Nthaka yake ikauma ndi kutentha imawola n'kumatulutsa mpweya, ngakhale pamwamba mitengo ikuoneka yobiriwira bwino.

Kachilombo kochepa ngati njere ya mpunga

M'chigawo cha British Columbia, ku Canada, muli kachilombo koboola khungwa la paini wa kumapiri. Kakhalako kuyambira kale, ndipo chisanu choopsa ndicho chinkakapha. Nyengo yozizira itayamba kufewa, kanapeza nkhalango zodzaza ndi paini wokalamba, zina chifukwa anthu anakhala akuzimitsa moto kwa zaka zambiri. Kanaswana mosaneneka. Mapiri athunthu anasanduka ofiira, kenako otuwa.

Mu 2008 Kurz ndi anzake anagwiritsa ntchito modelo yawo kuwerengera zotsatira zake pa dera la masikweya kilomita 374,000, kuposa Malawi katatu. Anapeza kuti pakati pa 2000 ndi 2020 mliriwu udzachititsa kusiyana kwa matani a kaboni 270 miliyoni, ndipo dera lomwe linkameza pang'ono lidzasanduka lolavula kwambiri. Kaboniyo satuluka tsiku limodzi ngati wa moto. Mitengo yakufa imaleka kumeza nthawi yomweyo, koma imawola kwa zaka makumi.

Chomwe ndimachikonda pa nkhaniyi n'chakuti sinathere pa kompyuta. Ofufuza ena anaimika nsanja zoyezera mpweya pakati pa mitengo yakufayo, ndipo anapeza kuti m'malo ena timitengo totsala ndi tchire la pansi, zitapeza dzuwa, zinakula msanga n'kubweza mbali ya kumeza komwe kunatayika. Umu ndi mmene ntchitoyi imayendera: modelo imanena, muyeso wa m'tchire umatsutsa kapena kuvomereza, modelo imakonzedwa.

Mtengo ukadulidwa, kaboni wake amapita kuti?

Amatsata moyo wa chinthu chomwe wapangidwa. IPCC imapereka manambala oyambira: kaboni wa m'mapepala amatha theka pa zaka 2, wa m'matabwa opanikiza zidutswa ndi guluu pa zaka 25, wa m'matabwa ocheka pa zaka 35. Ndiye kuti pa matani 100 omwe alowa m'matabwa ocheka lero, 50 adzakhala alipo pakatha zaka 35, ndipo 25 pakatha zaka 70. Nkhuni ndi utuchi wowotcha zimabweza kaboni wake chaka chomwecho.

Apa ndi pomwe pali mkangano waukulu, ndipo mbali zonse zimagwiritsa ntchito modelo. Ena amati kudula mwadongosolo n'kudzalanso kumasunga nkhalango pa msinkhu womeza kwambiri, kumachepetsa chiopsezo cha moto ndi tizilombo, komanso thabwa likalowa m'malo mwa simenti kapena chitsulo limapewetsa utsi wa kumafakitale. Ena amati mbali yochepa chabe ya mtengo wodulidwa ndiyo imakhala thabwa lokhalitsa, kuti malo odulidwa amatenga zaka makumi ambiri kubweza ngongole yake, pamene zaka zomwe dziko likufunika kuchepetsa mpweyawu ndi zino. Mayankho amasiyana chifukwa mafunso amasiyana. Wina akuyang'ana hekitala imodzi, wina dera lonse. Wina akuwerengera zaka 20, wina zaka 100. Wina akuyerekeza ndi nkhalango yosiyidwa yomwe idzakhale bwinobwino, wina ndi yomwe idzapse.

Chifukwa chake manambala a maboma ndi a ofufuza amasiyana

Mayiko amapereka malipoti ku United Nations a mpweya womwe anthu achititsa. Koma m'nkhalango n'kovuta kulekanitsa dzanja la munthu ndi la chilengedwe. Anagwirizana kuti chilichonse chochitika pa malo oyang'aniridwa ndi anthu chiziwerengedwa, ndipo dziko lililonse limalongosola lokha malo amenewo. Ofufuza omwe amawerengera dziko lonse lapansi amatenga zokhazo zomwe munthu wachita mwachindunji, monga kudula ndi kudzala. Kusiyana kwa njira ziwirizi kumafika matani a kaboni dayokisaidi pakati pa 5 ndi 7 biliyoni pa chaka. Si kuti wina akunama, koma mpanda aumanga malo osiyana.

Canada, kuyambira 2017, imalemba padera mpweya wochokera ku moto wolusa ndi tizilombo, osauphatikiza ndi wa zochita za anthu. Boma limati kupanda kutero chaka chimodzi cha moto chingaphimbe zonse, osaonekanso ngati kasamalidwe ka nkhalango kakupita patsogolo kapena ayi. Mabungwe ena oteteza chilengedwe amati njirayi imachepetsa chithunzi cha mpweya wochokera ku kudula mitengo. Mlengalenga umalandira zonse, koma funso la yemwe ayankhepo ndi la anthu.

Nanga kwathu kuno?

Malawi inalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030, ndipo nkhani zogulitsa kaboni zikumveka kawirikawiri. Chomwe chimagulitsidwa pamsika umenewu si chinthu chogwirika. Ndi kusiyana kwa manambala awiri: kaboni yemwe alipo chifukwa cha ntchito yomwe yagwiridwa, ndi yemwe akadakhalapo ntchitoyo ikadapanda kuchitika. Nambala yachiwiriyi palibe angaiyeze ndi tepi, imachokera mu modelo. Mudzi womwe ukusayina pangano lotere uli ndi chifukwa chofunsira kuti samu yake inapangidwa ndi mitengo ya kuti, ndani adzabwere kudzayezanso, ndipo moto ukadzalowa chaka chachisanu ngongoleyo idzagwera yani.

Nkhalango ya paini ya Chikangawa pa mapiri a Viphya, yomwe inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, ndi mtundu wosavuta kuwerengera: mitengo yofanana, zaka zodziwika, mizere yowongoka. Chofunika ndi kaundula wokhulupirika wa pomwe padulidwa, pomwe papsa ndi pomwe padzalidwanso. Tchire la miombo ndiye lovuta. Mitundu ya mitengo ndi yambirimbiri pa hekitala imodzi. Mizu yake imapita pansi kwambiri ndipo imasunga gawo lalikulu la kaboni. Mtengo ukadulidwa chitsa sichifa, chimaphukira, choncho modelo yomwe imatenga chitsa chilichonse ngati chakufa ingalakwitse. Moto umadutsa pafupifupi chilimwe chilichonse, chiswe chimadya mitengo yakufa mwa liwiro lomwe modelo za kumayiko ozizira sizinakonzekere, ndipo mitengo imachoka umodziumodzi, wa makala lero, wa mzati mawa, mosaoneka bwino pa chithunzi cha setilaiti. Ofufuza a m'dziko muno ndi a mayiko oyandikana nafe akhala akugwetsa ndi kuyeza mitengo ya miombo kuti apange masamu ogwirizana ndi mitengo yathu. Gawo lotsatira ndi lija lodya nthawi: kukhomera chizindikiro pa mtengo, kulemba nambala yake m'buku, ndi kubwereranso pa mtengo womwewo ndi tepi pakatha zaka zisanu.